Msomali wa pa Chitseko cha Mayi Elspa

Olemekezeka wapampando wa bungwe la Amalawi ndi Azambia okhala kuno ku Middlesbrough, bambo Hudson Chimbalanga; olemekezeka abusa Daniel Mwalwanda, amene mwatibwereka chipinda chino kuseri kwa tchalitchi chanu; olemekezeka mlembi wa bungwe, mayi Matilda Sakala, pamodzi ndi komiti yonse; olemekezeka abale athu amene mwalawirira sitima kuchokera ku Wakefield ndi ku Manchester; inu amene mwavala yunifolomu mkati mwa jekete chifukwa shifiti ikukudikirani ikamakwana faifi koloko; ana athu, amene mukumva zonse ngakhale mudzayankha m'Chingerezi; amayi ndi abambo, landirani ulemu wanga.

Ndikuthokoza komiti pondiyitana kuti ndidzatsegule nkhokwe ya chakudya imeneyi. Ndayendera chipinda chonse. Ndaona mashelefu amene bambo Terence Mukuka akhoma ndi manja awo pa masiku awo opuma, ndaona mafiliji awiri, ndaona ufa, mpunga, nyemba, mafuta ophikira ndi nsomba zouma. Ntchito imeneyi mwaigwira anthu otopa, anthu amene mumadzuka kukadali mdima kukasambitsa makolo a eni dziko, ndipo palibe amene anakukakamizani.

Pondiyimbira foni, wapampando anandipempha kuti ndiyankhule za umodzi. Ndinawayankha kuti za umodzi abusa amalalikira bwino kuposa ine, koma kuti ndili ndi nkhani ya kamudzi kena ka asodzi kamene mwina palibe mmodzi wa inu adzapondeko. Iwo anati zonse zili bwino, bola ndisapitirire mphindi makumi awiri, chifukwa aphunzitsi a ku yunivesite akayamba kufotokoza mpunga umazizira. Ndiyesetsa.

Mukachoka ku Scotland kulunjika kumpoto, ngati mukupita ku Iceland, chapakati pa ulendowo mumapeza zilumba khumi ndi zisanu ndi zitatu zotchedwa Faroe. Anthu ake onse sakwana theka la anthu a tauni ino, ndipo nkhosa n'zochuluka kuposa eni ake. Mitengo kulibe, chifukwa mphepo siilola kuti chilichonse chitalike. Kuli udzu, miyala, nkhungu ndi nyanja ya mchere. Kamudzi kamene ndikunenaka kali pothera msewu, phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Pamene ndinali kumeneko kanali ndi nyumba makumi awiri ndi zitatu, zina zofoleredwa ndi udzu wamoyo umene umamera pa denga pomwepo. Dzina lake sindilitchula. Ndinaliyesera miyezi khumi, ndipo tsiku lotsanzikana ana a m'mudzimo anali kusekabe.

Mbiri yake, monga anandifotokozera eni ake, ndi iyi. Kale amuna ankapita kunyanja pa mabwato opalasa, bwato limodzi amuna asanu ndi atatu. Doko kunalibe, choncho bwato likabwera ankalikokera pa miyala ndi manja, ndipo pa ntchito imeneyo pankafunika aliyense woyenda, mkazi ndi mwana yemwe. Pambuyo pake anayamba kugula zombo zakale za matanga m'madoko a kuno ku England, monga Grimsby ndi Hull, ndipo amuna ankachoka nyengo yawo yozizira ikamatha n'kudzabwerera patapita theka la chaka. Mudzi unkatsala m'manja mwa amayi: ndiwo ankamweta udzu wa ziweto, kukama ng'ombe, kubereketsana ndi kuyika maliro. M'busa ankafika mwa apo ndi apo, nyanja ikalola. Masabata ena onse munthu wamba wa m'mudzimo ankaimirira kutsogolo n'kuwerenga ulaliki m'buku. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asodzi a zilumbazi ankabweretsa nsomba kuno ku Britain, ndipo ambiri sanabwerere. Ena mwa okalamba amene mumawadyetsa phala m'mawa uliwonse anakulira nsomba imeneyo.

M'katchalitchi ka m'mudzimo muli thabwa lolembedwa mayina asanu ndi atatu, ndipo onsewo tsiku lawo lomwalira ndi limodzi. Ndi bwato limene linagubuduka anthu akuona ali pamtunda, zaka zoposa zana zapitazo. Nyumba zisanu ndi zitatu zinatsala zopanda mwamuna. Anansi anathandiza m'njira imene inu ndi ine timaidziwa: mabwato akafika, akazi amasiyewo ankatsikira ku gombe ndi mabeseni, n'kuima pambali, msodzi aliyense n'kuponyamo nsomba, iwo n'kuthokoza. Zinayenda choncho chaka chimodzi. Chaka chachiwiri wamasiye mmodzi analeka kutsika. Atapita kukamuona anapeza ana ake akutafuna ndere za m'nyanja ndi tinkhono ta pa miyala. Anamufunsa chimene analekera kubwera pamene nsomba zinalipo, ndipo iye anati miyendo ikadali ndi mphamvu, koma zikomo zamuthera.

Mudzi unakumana m'tchalitchi n'kupangana motere. Pa chitseko chilichonse pakhomedwe msomali. Bwato likafika, asanagawane eni ake, ayambe apatula gawo la mudzi. Gawolo lipachikidwe pa msomali wa nyumba iliyonse, powerenga pakamwa, osati manja amene agwira ntchito: kwa wamasiye, kwa wodwala, kwa mlendo, kwa msodzi mwiniwake, ngakhale kwa mwini sitolo amene sanagonepo ndi njala. Onyamula azisinthana. Ndipo wina asathokoze wina.

Ine ndinafika kumeneko mu Sepitembala wa 2012. Ndinali nesi amene wabwerera kusukulu, ndipo kafukufuku wanga anali wa mmene okalamba amasamalidwira m'midzi yakutali. Ndinkakhala m'chipinda chapansi kwa mayi wina dzina lake Rannvá, wa zaka ngati makumi asanu, wogwira ntchito pa fakitale ya nsomba, munthu wosataya mawu. Sabata yachiwiri ndinapeza nsomba ziwiri zazitali ngati mkono wangawu zikulendewera pa chitseko changa. Ndinamufunsa Rannvá kuti ndi za yani. Anati ndi zanga, ndiphike. Ndinafunsa amene wabweretsa. Anati mudzi.

Tsono amayi ndi abambo, ine ndine mwana wa ku Ntcheu. Ndinaleredwa ndi mayi amene ankati mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, ndipo mwana wolandira chinthu osawomba m'manja ankachilandidwa pomwepo. Mudzi sungauwombere m'manja, ndinafuna munthu. Luso lonse la kafukufuku limene yunivesite inandiphunzitsa ndinalithera pa windo, mpaka ndinamuona wonyamula sabata imeneyo. Anali bambo Hanus, msodzi wa imvi, yemwenso ankawerenga ulaliki m'busa akasowa.

Loweruka ndinakazinga mandasi. Lamulungu, mapemphero atatha, anthu onse ali pakhomo pa tchalitchi, ndinapita kwa bambo Hanus, ndinapinda maondo, ndinawomba m'manja katatu, ndinawathokoza mokweza chifukwa cha mtima wawo wabwino, n'kuwapatsa mbale. Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. Mbaleyo anaigwira ngati mwana wa mwini amene wawanyowetsera malaya. Ine ndinati ndi manyazi a azungu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokhutira kuti ndaonetsa kumene ndinachokera.

M'nyumba yachitatu kuchokera kwathu munkakhala mayi Elspa, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, amene amuna awo anatsala m'nyanja iwo akadali ndi mwana kumsana. Anali mmodzi wa okalamba amene ndinkawayendera. Lachiwiri lotsatira, wonyamula nsomba anapeza kuti pa chitseko chawo patsala kabowo. Msomali mayiwo anali atauzula. Anasiya nsombazo pa mwala wa pakhomo, ndipo zinakhala pomwepo mpaka mbalame zinamaliza. Lachisanu chimodzimodzi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ine ndinkalowa m'nyumbamo ndi sikelo yanga, ndinkawayeza, ndinkaona kuti thupi likutsika, ndipo m'buku langa, limene ndikadali nalo, ndinalemba kuti: akudya mbatatesi zokha, chifukwa chake sichikudziwika.

Patatha masabata atatu, Rannvá analowa m'chipinda changa akuchokera ku fakitale, majombo osavula. Anaona bukulo pa tebulo, anawerenga mzerewo, n'kuika chala pamenepo.

"Chifukwa chake chakhala pa mpando uwu," anatero.

Ndinati sindikumva. Anandiuza kuti nsomba za pa msomali zinalibe nkhope, ndipo ine ndazipatsa nkhope. Zaka zoposa makumi asanu mayi Elspa akhala akudya gawo lawo. Tsopano, pamaso pa mudzi wonse, aona kuti pali wopatsa ndi wopatsidwa, ndi kuti mlendo wa masabata awiri wakazinga kale zobwezera pamene iwo sanakazingirepo wina aliyense kanthu. Ndinadzikanira. Ndinati mayiwo ankadziwa kale kuti nsomba sizidzipachika zokha.

"Tonse timadziwa," anatero Rannvá. "Koma sitinena."

M'mawa mwake ndinapita kukapepesa, sikelo ndinasiya. Mayi Elspa anandimvera mpaka ndinamaliza, akuluka sokosi osandiyang'ana. Kenaka anandifunsa, m'Chingerezi chawo chochepa, ngati kwathu mvula ikagwa timagwadira mitambo. Ndinati ayi, timathokoza Mulungu.

"Ndiye thokozani Iyeyo. Hanus musiyeni, wangonyamula."

Ndinafunsa ngati abwezeretsa msomali. Anati Lachisanu adzakhala pa windo.

Mudzi umene uja uli ndi msewu umodzi. Lachisanu masana ndinachotsa nsomba pa chitseko changa, ndinazigwira m'dzanja, n'kuyamba kukwera msewuwo pa nthawi imene ndinadziwa kuti bambo Hanus atsika kuchokera ku khola la nkhosa. Makatani ankagwedezeka nyumba iliyonse. Ndalembapo mayeso ambiri pa moyo wanga, koma amenewo ndiwo ananditulutsa thukuta m'dziko lozizira. Maondo ankafuna kupinda okha. Dzanja linalo ndinalitsekera m'thumba la jekete kuti lisapeze linzake. Titakumana ndinati, "Mphepo yakula lero." Iwo anati, "Yakula." Tinadutsana, zikomo osatuluka. Ndisanafike kunyumba ndinamva kulira kwa hamala. Mayi Elspa anakhoma okha, mokhota, ndipo msomaliwo unakhala wokhota choncho mpaka anamwalira mu 2016. Rannvá anautumiza kwa ine mu envulopu, popanda kalata. Ndi uwu.

Musandimve molakwika. Sindikunena kuti mwambo wathu wothokoza ndi woipa. Ana anga ndimawaphunzitsa, ndipo inunso aphunzitseni. Kuthokoza kwathu kumakoma pakati pa anthu amene lero wina apereka, mawa winayo abweza. Koma kwa munthu amene sakuona tsiku lodzabweza, zikomo aliyense amalemera kuposa wa dzulo, mpaka tsiku lina munthuyo amasankha njala.

Mu Febuluwale, mashelefu awa asanakhomedwe, munayamba kale kugawa chakudya kuchokera m'mabuti a magalimoto. Lamulungu lina anabwera mlongo wathu wina. Kampani imene inamubweretsa kudzasamalira okalamba inali itatsekedwa, ntchito ina anali asanaipeze, masiku a viza anali kuwerengeka, ndipo ali ndi ana awiri. Munamulandira bwino. Munalemba dzina lake m'buku, munamupempha kuti aime kutsogolo apereke umboni wa zimene Ambuye amuchitira kudzera mwa inu, munamujambula atanyamula thumba la ufa, ndipo chithunzicho munachiika pa gulu la WhatsApp, pamene anthu oposa zana anaikapo timitima. Dzuwa lisanalowe chinali chitafika kwa amayi ake kumudzi, amene ankauza anthu kuti mwana wawo zikumuyendera ku Ulaya. Palibe mmodzi wa inu anachita zimenezi ndi mtima woipa, monganso ine sindinakazinge mandasi aja ndi mtima woipa. Ambiri mukumudziwa, poti chithunzi munachiona. Musatembenuke, sali muno. Papita masabata asanu ndi awiri asanaponde pakhomo pano, ndipo foni za a komiti sayankha.

Mayi Sakala anandiuza chinthu chimodzi chimene chinandichititsa kupempha kuti ndikumane ndi komiti mwambo uno usanafike. Ana awiri aja chakudya chawo chenicheni amadya kusukulu masana. Sukulu zatsekera dzulo, ndipo tchuthi cha Pasaka ndi masabata awiri.

Tinakumana Lachinayi, ndipo ndinafotokoza za msomali monga ndafotokozera pano. Sizinalowe msanga. Wina anati opereka amafuna kuona kumene zapita, apo ayi manja amauma. Wina anati popanda buku anthu adzatenga kawiri. Mayi Sakala anati kuno mukakhoma msomali pa chitseko mwininyumba akulemberani kalata, ndipo thumba mukalisiya panja, mbalame za ku nyanja za m'tauni muno, zimene zimalanda munthu tchipisi m'manja, zidzatsegula nkhokwe yawoyawo. Kenaka wapampando anati:

"Aphunzitsi, ine ndi mayi kunyumba tonse tili pantchito. Mukufuna anthu aone thumba la nyemba pakhomo panga?"

Ndinati inde, ndipo lanu likhale loyamba. Pakuti tsiku limene thumba lidzadumphe khomo la wapampando, aliyense adzadziwa tanthauzo la thumba pa khomo limene laima. Anati kumeneko n'kuwononga chakudya. Ndinati amene sakulifuna adye ndithu, ndipo tsiku lina akadzapeza mpata adzasiye ziwiri m'bokosi la kukhomo lakuseri, pamene palibe womuona. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti pa ukwati wawo omwe sanalandirepo nyemba. Kenaka anaimirira, anachotsa pa khoma pepala limene linali ndi malamulo a olandira thandizo, analipinda, n'kunena kuti tiyese mpaka Khirisimasi. Bambo Chimbalanga, pa mipando imene ndaona anthu akukhalapo, ndi ochepa amene amachotsa pepala lolemba okha.

Choncho pangano la nkhokwe ino ndi ili. Bungwe lino lili ndi makomo makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Masabata awiri alionse khomo lililonse lilandira thumba, powerenga pakamwa: kwa nesi wamkulu, kwa amene wangotsika ndege, kwa amene ntchito yamuthera, kwa Mmalawi ndi kwa Mzambia, kwa wopemphera pano ndi kwa amene analeka. Onyamula azisinthana. Pofika pakhomo agogode, asiye, achoke. Asalowe, asafunse za ana, asapemphere. Buku la olandira kulibe. Umboni kulibe. Chithunzi kulibe.

Sindikulonjeza kuti ziyenda. Anthu aja ndi makumi asanu ndi limodzi pa msewu umodzi, ndipo mwambo wawo wadutsa mibadwo inayi; ife tamwazikana m'tauni ya eni, timayendera mabasi, ndipo mwambo wathu wayamba m'mawa uno. Mudzalakwitsa. Wina adzathokoza, chifukwa manja a Mmalawi samva malamulo a komiti. Mukamuona mumukhululukire, ndipo mumuuze za mphepo.

M'mawa uno matumba onse makumi anayi ndi asanu ndi awiri atuluka. Mayi Chimbalanga andinong'oneza kuti wapampando, atapeza lawo, anaima pakhomo ndi masilipasi, akuyang'ana kumtunda ndi kumunsi kwa msewu, kusowa womuwombera m'manja. Langa, lowonjezera la mlendo, ndalipeza pansi pa mpando wangawu, ndipo ndikwera nalo sitima ya ku Manchester.

Amene ananyamula la mlongo wathu uja anagogoda, anasiya, n'kupita kukaima podikirira basi, tsidya lina la msewu. Akuti chitseko chinatseguka, munthu anayang'ana thumbalo, anayang'ana msewu, n'kutsekanso. Thumba linatsala panja. Basi inachedwa, monga mwa nthawi zonse, ndipo lero lokha tisaidandaule. Patapita mphindi khumi chitseko chinatsegukanso, ndipo thumba linalowa.

Ndisanaimirire pano ndawafunsa mayi Sakala ngati pabwera uthenga uliwonse. Ayang'ana foni yawo, ayang'ana pa gulu. Palibe. Sanathokoze wina aliyense, ndipo ana adya. Ngati tsiku lina adzalowe pakhomo pano, musamuthamangire, musamukumbatire mopitirira, musamuuze kuti munamusowa. Musunthe pa benchi, mumusiyire malo.

Bambo Chimbalanga, landirani msomali uwu. Ndi wokhota, ndipo musauwongole. Bambo Mukuka, ndaona kuti hamala mwabwera nayo. Abusa avomera kuti ukhomedwe pamwamba pa chitseko ichi, ndipo akuti kalata sadzalemba. Ojambula, jambulani mashelefu, jambulani msomali. Nkhope za anthu zisiyeni.

Olemekezeka wapampando, olemekezeka abusa, komiti yonse, amayi ndi abambo: ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nkhokwe ya chakudya ya Amalawi ndi Azambia a ku Middlesbrough yatsegulidwa kuyambira lero.

Pa thumba musathokoze munthu. Koma pondimvera moleza mtima, mpunga ukuzizira, ine ndiloleni: zikomo kwambiri.